Malungo a kompyuta ya Phuma

Phuma ndi mwana wachiwiri wa adalaivala aja anapuma pa ntchito ndi mayi aja ankasoka makatani, amene anatisiya kale. Mkulu wake ndi mwamuna, amagulitsa zipangizo za makompyuta m'kashopu kopanikizana pafupi ndi pokwerera basi. Phumayo ali ndi ana awiri aakazi: wamkulu, amene amawerenga chilichonse ngakhale pepala lokulungira sopo, ndi wamng'ono, amene sanaphunzire kuyenda koma anangoyamba ndi kuthamanga. Bambo wa anawo amagwira ntchito kutali, amabwera mwa apo ndi apo. Iyeyo tiyeni timusiye, mlandu uwu sukumukhudza.

Dzina loti Phuma anam'patsa ndi bambo ake, chifukwa ali mwana ankavala nsapato akuyenda ndipo ankayankha funso lisanathe. Anthu akunja amaliyesa dzina lonyoza. Alekeni alankhule. Phuma lomwelo ndi limene linam'chotsa pa ntchito ya eni ake, kumene ankakonza mavidiyo a maukwati tsiku lonse koma dzina lotuluka pamapeto n'kukhala la bwana. Anatenga mpando wake, anakankhira kabati pakona m'chipinda chakumaso cha nyumba ya bambo ake, n'kunena kuti kuyambira pamenepo dzina lotuluka pamapeto likhala lake.

Kuti mumvetse zimene zinatsatira, muyenera kudziwa kaye khalidwe limodzi la nyumba imeneyi. M'nyumba imeneyi chinthu chatsopano sachivula pulasitiki. Masofa amalira mlendo akakhalapo, ndipo tsiku lotentha mlendoyo amadzuka nawo. Rimoti ili m'kathumba komata ndi selotepi. Chitseko cha filiji chikadali ndi kachikopa kabuluu kamene chinabwera nako. Bambo amati, “Pulasitiki ndi khungu la chinthu. Munaonapo munthu akudzisenda khungu kuti aoneke bwino?” Oseka amaseka, koma masofa amenewo anagulidwa Phuma akukwawa, ndipo mpaka lero alibe ngakhale kadontho. Ndi angati oseka aja angasonyeze mpando wa msinkhu umenewo?

Bambo anasiya chiwongolero chifukwa cha maso. Amene anawatengera ku chipatala, n'kuwalanda makiyi pobwerera, ndi mwana wawo wamwamuna yemweyo, ndipo anachita zimenezi akuseka, monga amachitira zonse. Magalasi anagulidwa, koma ankakhala m'kabokosi kawo kuti asakandike. Kuyambira pamenepo bambo sankakhala pansi. Ankazungulira nyumba ndi sikuludilaiva m'thumba kufunafuna chomanga. Anamanga zitseko zonse mpaka zina zinasiya kutseguka. Amakhazikika tsiku limodzi lokha, Lamlungu masana, mwana wawo akabwera ndi makina ometera, kuwakhazika pa mpando pakhonde n'kumawameta uku akuwanena za imvi.

Kompyuta ya Phuma inabwera m'makatoni, zidutswazidutswa, kuchokera ku shopu ya mkulu wake. Mkati mwa kompyuta mumakhala kachitsulo kophwatalala kamene amati pulosesa. Ndi kamene kamaganiza, ndipo kakaganiza kwambiri kamatentha. Makompyuta wamba amangokakupizira ndi fani. Koma mkulu wake anati ntchito ya mavidiyo ndi yolemera, imafuna yoziziritsa ndi madzi: pampu yokhala ndi mkuwa kunsi imakhala pamwamba pa pulosesa, mapaipi awiri amatenga madzi kupita nawo ku rediyeta, mafani amawauzira, madziwo n'kubwerera atazizira.

“Ndiye ndi galimoto basi,” anatero bambo atamva, maso awo n'kuwala. “Bweretsani kuno.”

Tsiku lomanga, bambo anayala masikuluu m'kambale, aatali paokha, aafupi paokha, ndipo anagwira tochi. Phuma ankamanga akuyang'ana pa foni, akulankhula yekha, akuiwala pamene waika chinthu chimene chili m'manja mwake. Atafika pa pulosesa anadonthezapo timafuta totuwa tokhala ngati mankhwala otsukira mano, timene timathandiza kuti kutentha kuwoloke kuchoka pa chitsulo kupita pa mkuwa. Nthawi yomweyo mwana wake wamng'ono uja anagunda mutu pa tebulo kukhitchini. Phuma anathamangira komweko. Pobwerera, mwana ali pa phewa, anapeza pampu itakhala kale pamalo pake.

“Ndamanga mopingasa, ngati tayala,” anatero bambo. “Uku pang'ono, uku pang'ono. Gwedeza uone.”

Phuma anagwedeza. Sinasunthe. Anati, “Mwatha ntchito, Bambo,” n'kupitiriza ndi mawaya.

Kuyambira tsiku limenelo zitseko zinapuma. M'mawa uliwonse bambo ankapukuta galasi la kompyutayo ndi kansalu kawo, ankaika khutu pa bokosi kumvetsera, ndipo mlendo aliyense, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi, ankamukokera m'chipindamo. “Iyi tinamanga awiri, ine ndi mwana wanga. Pamtima penipenipo ndinamanga ndine.”

Kwa masabata angapo kompyutayo inkangogwira tintchito topepuka. Mafani ankachita phokoso kuposa mmene Phuma ankayembekezera, koma iye anati ndi mmene zatsopano zimakhalira. Kenaka inabwera ntchito yoyamba yaikulu: ukwati wa mwana wa mayi wina wodziwika pa msika, wa makamera atatu. Phuma anadula, analumikiza, anaika nyimbo, anawalitsa nkhope za apongozi amene anakhala pamdima. Chinatsala n'chimene iye amati kuphika, pamene kompyuta imamanga zidutswa zonse kukhala vidiyo imodzi. Mkwatibwi ankanyamuka ndi mwamuna wake m'mawa wotsatira, kupita kutali, ndipo ankafuna kunyamula vidiyoyo.

Atangoyambitsa kuphika, mafani anabangula ngati basi yokwera chitunda. Pakona pa sikirini pali kanambala kosonyeza kutentha kwa pulosesa. Kanathamanga, kanadutsa 80, kanadutsa 90, kanafiira. Ntchito inayamba kukwawa. Kenaka sikirini inada, mafani n'kungoti zii.

Phuma anayatsanso. Zinachita chimodzimodzi. Anatsegula mawindo onse. Anakoka fani ya pabalaza n'kuilozetsa pa bokosi lotsegula. Anayang'ana fumbi pa rediyeta, koma fumbi likanachokera kuti pa chinthu chopukutidwa m'mawa uliwonse? Anayatsanso kachitatu ataimirira, phazi likugunda pansi. Foni inalira.

“Mwana wanga, zikuyenda?” anafunsa mayi a mkwatibwi.

“Zili pa moto, amayi.”

“Chabwino. Ndimanena kuti mwina ndikanapita kwa bwana wanu wakale uja, koma ndinati ayi, tim'patse mwayi wamkaziyu.”

Phuma atadula foni anaima pakati pa chipinda. Pa foni pake anawerenga kuti kompyuta ya madzi ikatentha chonchi, nthawi zambiri pampu yafa. Sanawerenge mzere wachiwiri. Anavala nsapato akuyenda.

M'shopu munali anthu atatu, ndi mayi wokonza mafoni amene amagawana naye khomo mkulu wakeyo. Phuma sanapereke moni.

“Achimwene, pampu munandipatsa ija munaichotsa mu kompyuta ya ndani?”

“Wadzuka bwanji, Phuma?”

“Yafa. Mwandipatsa chakufa m'katoni yatsopano. Anthu akunja muziwabera, koma ine? Wobadwa nanu mimba imodzi?”

Mkulu wake anali akuseka poyamba. Atamva mawu oti kubera, anaika pansi chimene anagwira. Kasitomala mmodzi anabweza pa kauntala kabokosi kamene amafuna kugula.

“Bwera nayo ndiione.”

“Kuti mukasinthe mwakabisira? Wakuba salondera katundu.”

Mayi wokonza mafoni anati, “Aa, achemwali, pang'onopang'ono,” koma madzi akatayika saoleka. Mkulu wake analankhula motsitsa, ndipo amene amam'dziwa amadziwa kuti akatsitsa mawu ndiye kuti zafika pa fupa.

“Katoni imeneyo ndinaidula selotepi pamaso pako. Pita ukayang'ane bwino. Ukapeza pampu yafa, ndidzagwada pakhomo pano anthu akuona. Ukaipeza ili moyo, udzabwere pompano, udzabweze mawu amenewo, ndipo udzanene chimene chinalakwika ndi amene analakwitsa. Kufikira tsiku limenelo, m'nyumba muja sindipondamo.”

“Musapondemo,” anatero Phuma, n'kutuluka.

Mu basi mtima unayamba kum'tsika, ndipo utatsika anakumbukira kuti pampuyo sanaiyese n'komwe. Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, anapeza bambo atakhala pafupi ndi kompyuta ngati munthu wodikirira wodwala.

“Unapita kuti?”

“Kokawona achimwene.”

“Akuti bwanji?”

“Akuti ndiyang'ane bwino.”

Anayatsa. Bambo anatulutsa sikuludilaiva, anagunditsa nsonga yake pa pampu, chogwirira n'kuchiika pa khutu, monga ankachitira ndi injini. Anatseka maso.

“Iyi ikuyenda. Tamvera.”

Phuma anamvera. Mkatimo munali kulira kosalala, kosadukiza. Anaika chala pa paipi, n'kumva kanjenjemera ka madzi oyenda. Analowa m'makonzedwe a kompyuta, pamene imanena liwiro la chilichonse chozungulira, ndipo pampu inali pa liwiro lake lonse. Analondola waya wake mpaka pamene walowa, napeza walowa poyenera. Mawu aja anali atatsala ku shopu, ndipo pampu inali moyo.

“Mwina ndi mpweya,” anatero mofulumira. “Thovu likakhala mu pampu madzi sayenda bwino. Gwirani uko.”

Anapendeketsa bokosi kutsogolo, kumbuyo, cham'mbali, bambo akuchenjeza kuti galasi likandika. Madzi anangoti kulukulu kamodzi n'kukhala chete. Anayambitsanso kuphika. Kanambala kanakwera ngati kale. Foni inaliranso, Phuma anaitembenuza chafufumimba. Anayenda kukafika pa windo, anabwerera, anakhala, anadzuka. Wamng'ono anabwera kudzam'koka siketi, anam'patsa supuni kuti akasewere nayo.

Kanambala katafiira, Phuma anagwira paipi yoyamba. Inali yozizira. Anagwira yachiwiri. Yozizira. Anaika dzanja pa rediyeta, pamene pamayenera kutuluka mpweya wofunda, ndipo panatuluka kamphepo ngati ka m'mawa.

Apa ndi pamene anaima, mwina koyamba tsiku limenelo.

“Bambo, pulosesa ikupsa, koma madzi ndi ozizira. Akuyenda, koma akupita chimanjamanja. Kutentha sikukuwafika.”

“Injini ikamawira rediyeta ili yozizira, ndiye kuti pali chatsekereza pakati,” anatero bambo.

“Pakati pake ndi pamene pakhala pampu. Ndiyenera kumasula.”

“Pamenepo usavutike, ndinamanga bwino.”

“Ndikungofuna kuona mafuta aja.”

Anazimitsa, anazula pulagi. Bambo anagwira tochi. Masikuluu anali omangidwa mofanana onse, moti Phuma pomasula anachita kuwasirira. Anagwedeza pampu pang'ono kuti imatuke, anaikweza, anaitembenuza.

Kunsi kwake mkuwa sunkaoneka bwino. Unali utaphimbidwa ndi kapulasitiki kopyapyala, kamene opanga amamatapo kuti mkuwa usakandike m'katoni. Kanali katapakika timafuta tija, katakwinyika pakati chifukwa cha kutentha, ndipo pansi pa mafutawo pankaoneka timalemba tofiira tonena kuti kachotsedwe pampu isanamangidwe. M'mbali mwake munali kakhutu kokokera. Kakhutuko wina anali atakapinda bwinobwino, kuti kasaonekere kunja.

Phuma anayang'ana kakhutu kopindidwako nthawi yaitali. Sikunali kuiwala. Anaona mmene zinachitikira ngati analipo: bambo atanyamula pampu, aona chinthu chonyezimira chili ndi khungu lake, timalemba sakutiona, ndipo achita chimene achita moyo wawo wonse pa chinthu chilichonse chimene amachikonda.

“Waona chiyani?” anafunsa bambo, akusendeza tochi.

Phuma anaphimba mkuwa ndi chikhatho. Anaganiza za mkulu wake, mmene angasekere, mmene nkhaniyi ingafikire kwa mayi wokonza mafoni ndi kwa aliyense wokwera basi, ndi mmene pamapeto pake angadzanenere akuseka kuti, Bambo, zinthu za anthu musamagwire. Makiyi a galimoto anapita choncho. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

“Mafuta achepa,” anatero. “Ndinadontheza pang'ono. Kanditengereni kansalu koyera ndi sipiriti uja wa m'bafa.”

Bambo anaika tochi pansi n'kutuluka. Phuma anadikira mapazi awo afike m'khonde la mkati, anagwira kakhutu kaja n'kukoka. Kapulasitiki kanamatuka ndi kaphokoso kake, kaja kamamveka munthu akamasenda chinthu chatsopano. M'nyumba mwina kaphokoso kameneka sikamveka. M'nyumba imeneyi kanamveka ngati mbale yasweka. Mapazi m'khonde anaima, kenaka anapitirira.

M'bini sakanakataya, chifukwa mwana wake wamkulu uja akabwera ku sukulu amawerenga ndi za m'bini zomwe. Anakapinda n'kukalowetsa m'thumba la siketi.

Bambo anabwera ndi kansalu ndi sipiriti. Phuma anapukuta pulosesa, anapukuta mkuwa mpaka unawala, anadontheza mafuta atsopano. Ataika pampu pamalo pake anapereka sikuludilaiva kwa bambo.

“Mangani inu. Mopingasa muja.”

Bambo anayang'ana sikuludilaivayo. “Manga wekha, mwana wanga. Ine ndikuunikira.”

Atayatsa n'kuyambitsa kuphika, mafani anangong'ung'udza. Kanambala kanakwera pang'onopang'ono, kanafika cha m'ma 60, n'kukhazikika pamenepo ngati munthu wafika kwawo. Phuma anagwira paipi, inali yofunda. Pa rediyeta panatuluka mpweya wotentha bwino. Vidiyo inapsa dzuwa lisanalowe, ndipo pamapeto pake panatuluka dzina lake, lokha, la zilembo zoyera. Mayi a mkwatibwi anadzaitenga okha, anaonera poyambira ataimirira, analira pang'ono, n'kunena kuti ali ndi mwana wa mchemwali wawo amene akukwatiwa posachedwa.

Atachoka, Phuma anatuluka panja ndi foni.

“Achimwene, pampu ili moyo.”

“Ndikudziwa. Chinali chiyani?”

“Mafuta. Ndinaika ochepa.”

Mkulu wake anaseka kuseka kopanda chimwemwe. “Phuma, zinthu zimenezi ndimagulitsa ndine. Mafuta ochepa sazimitsa kompyuta. Unanditcha wakuba pamaso pa anthu, tsopano ukufuna undipepese ndi bodza, pa foni? Anamanga pampu ndani?”

“Ndine.”

“Mzinda wonse unauzidwa kuti pamtima anamanga ndani.”

“Ndati ndine.”

“Ukafuna kunena zoona, shopu ukuidziwa.”

M'mawa mwake Phuma anadzuka mochedwa, chinthu chimene sachita. Kompyuta inali isanapukutidwe. Pabalaza anapeza bambo atakhala pa sofa, atavala magalasi aja, akuwerenga kapepala ka malangizo kamene kanabwera m'katoni ya pampu. Pa tebulo panali rimoti ili maliseche, mabatani ake akuda bii ngati agulidwa dzulo, ndipo kathumba kake kanali pambali, katapindidwa kanayi.

“Mwadzuka bwanji, Bambo?”

“Ndadzuka. Timalemba ta masiku ano n'tating'ono.”

“N'tating'onodi.”

Bambo anapitiriza kuwerenga. Masofa sanawavule, ndipo asawavule, si masofa amene analakwa.

Lamlungu masana bambo anatulutsa mpando pakhonde monga mwa masiku onse, anakoleka thaulo pa phewa, nakhala. Anakhala mpaka mthunzi unachoka pa khonde n'kufika pa mpanda. Kenaka anabweza mpando m'nyumba. Lamlungu linalo anachitanso chimodzimodzi. Phuma anati awamete yekha ndi lumo, iwo anati dzanja lake ndi la phuma, angawadule khutu.

Ntchito kwa Phuma ikubwera tsopano, ndipo kompyuta sinadwalenso. Anthu amene ankati wamkazi sangathe ayamba kunena kuti ankadziwa kale. Koma iye sakhazikika. Kawiri konse wakwera basi mpaka pafupi ndi shopu, waima tsidya lina la msewu akuyang'ana mkulu wake akutsegulira anthu makatoni, n'kubwerera osawoloka. Bambo nawonso tsiku lina anavala jekete ndi magalasi, anati akupita kokayenda, anafika pa geti, anapeza kuti hinjesi yagwedera, n'kubwerera kukatenga sikuludilaiva.

Chibale n'fupa, sichiola, ndipo ana a nyumba imeneyi sanaleredwe kuti atayane chifukwa cha kachikopa kosakwana chikhatho. Koma mawu oti wakuba akadali pa kauntala paja pamene Phuma anawasiya, ndipo amene angamuthandize kukawatola wakhala pa sofa, tsitsi lafika m'makutu.

“Mkulu wako watanganidwa masiku ano,” amatero bambo, akuyang'ana ku geti.

“Eya, Bambo. Watanganidwa.”

Kapulasitiki kaja kali m'kachitini ka masikuluu otsala, pansi penipeni. Onse awiri amadziwa pamene kali, ndipo palibe amene wakataya.